SITESHENI YA NJANJI PA BALAKA

Midzi yambiri ya m'Malawi inamangidwa potsata madzi. Wina unakhala pa gombe la nyanja, wina pa dooko la mtsinje, wina m'tsinde mwa phiri pamene kasupe saphwa. Balaka sanakule motero. Dera lace ndi lotentha, mvula yace ndi yonyenga, ndipo mitengo imene ikondwa kumeneko ndiyo milambe, imene idziwa kusunga madzi m'mimba. Cimene cinasonkhanitsa anthu ambiri pa malo amenewa, m'dziko la Mfumu Nsamala, ndico zitsulo ziwiri zogonekedwa pansi, ndi kanyumba komangidwa pambali pace. Munthu wofuna kudziwa mbiri ya Balaka ayenera kuyambira pa sitesheni.

Njanji inacedwa kufika kumeneko. Isanabwere, katundu wa dziko anali kuyenda pa madzi ndi pa mitu ya anthu. Sitima za pamadzi zinali kukwera Zambezi ndi Shire, ndipo pamene zalekezera, amtengatenga anali kusenza mitolo ndi kukwera nayo mapiri kunka ku Blantyre ndi ku Zomba. Koma madzi a Shire anayamba kucepa, sitima zinali kutitimira mumcenga, ndipo Azungu a minda anadandaula kuti amuna alikuthera ku mtengatenga, osatsala olima. Cifukwa cace anamanga njanji yoyamba, yocokera ku Port Herald, kumene lero kuchedwa Nsanje, kupyola Chiromo kufikira ku Blantyre. Sitima yoyamba inalowa m'Blantyre m'caka ca 1908. Mu 1915 njanji inatalikitsidwa kumwera kufika ku Chindio, pa gombe la Zambezi, ndipo mu 1922 ina inacokera kufupi ndi Beira nifika tsidya lija la mtsinje womwewo. Pakati pa ziwirizi panatsala Zambezi, ndipo katundu anali kuoloka pa zombo.

Pambuyo pace anayamba nchito ziwiri zazikuru nthawi imodzi. Yoyamba inali mlatho wa pa Zambezi, pakati pa Sena ndi Dona Ana, wotalika koposa mailosi awiri. Yaciwiri inali njanji yonka kumpoto. Iyo inatsika kucokera ku Blantyre kupyola Lirangwe, nioloka Shire, nipita pa Utale, pa Balaka, pa Bilila, pa Sharpevale ndi pa Golomoti, nikhudza nyanja pa Chipoka, nilekezera pa Salima. Zonse ziwiri zinatsirizika m'caka ca 1935. Kuyambira pamenepo bogi lopakiridwa pa Balaka linatha kufika ku nyanja ya mcere pa Beira, katundu wace wosatsitsidwa panjira.

Ciripo cinthu cimodzi cimene anthu oimirira pa sitesheni masiku amenewo sanauzidwe. Njanji ya ku Beira ndi mlatho uja zinamangidwa ndi ndalama za ngongole, ndipo mbali ya katundu wa ngongoleyo inasenzetsedwa Boma la Nyasaland zaka zambiri. Ndalama za Boma limenelo zinali kucokera kwakukuru ku msonkho wa anthu a m'midzi. Motero mlimi amene sanakwerepo sitima analipirako, ndipo ndalama zimene zikadamanga zipatala ndi masukulu zinapita kukabweza ngongole ya citsulo cogona m'dziko la Apwitikizi. Akale anati, walira mvula walira matope. Koma pano amene analira mvula ndi ena, ndipo amene anaponda matope ndi enanso.

Malo a sitesheni sasankhidwa mwacisawawa. Njanji ya ku Salima ndi ya mzere umodzi, ndipo sitima yocokera kumpoto ndi yocokera kumwera sizingapatukirane pathengo monga acitira anthu awiri pa kanjira ka kumunda. Pafunika malo pamene njanji icita mphanda, kuti ina ipatuke ndi kuima, inzace ipite. Pafunikanso munthu wokhala pamenepo ndi lamya, amene afunsa mnzace wa pa sitesheni ya kutsogolo ngati njira iri yoyera. Woyendetsa sitima saloledwa kunyamuka asanalandire cilolezo ca munthu ameneyo, ngakhale aone ndi maso ace kuti kutsogolo kulibe kanthu. Lamulo limeneli ndilo lisunga moyo wa anthu onse a m'mabogi.

Cifukwa cina cinali ludzu. Injini za masiku amenewo zinali za moto. M'mimba mwa injini munali ng'anjo, ndi pamwamba pa ng'anjo mphika waukuru wa madzi. Madzi akawira, nthunzi yace inali kukankha mikono ya citsulo, ndipo mikonoyo inali kuzunguza magudumu. Injini yotere imamwa koposa khola lonse la ng'ombe, kotero iyenera kuima kawirikawiri kuti aimwetse. Poyamba anali kusonkhera nkhuni, pambuyo pace malasha ocokera kunja kwa dziko. Munthu wosonkha moto anali kuponya malasha ndi fosholo ulendo wonse, ndipo m'mwezi wa October, m'cigwa cotentha cotere, nchito yace inali yosasiririka.

Masitesheni onse a pa njanjiyo anali ndi nchito zimenezi, koma si onse anakula. Utale, Bilila ndi Sharpevale anakhalabe aang'ono. Mwai wa Balaka unali miseu. Pamenepo panali pofikira pa anthu a ku Ntcheu, a ku Liwonde, ndi a ku Fort Johnston, kumene lero kuchedwa Mangochi. Maboma amenewa analibe njanji yao pakhomo, ndipo aliyense wa kumeneko wofuna kutumiza kapena kulandira katundu wolemera anayang'ana ku Balaka.

Maonekedwe a sitesheni m'zaka zoyambazo anali monga a masitesheni ena a Nyasaland Railways. Nyumba yace inali yaing'ono, ya denga la malata, ndi khonde loyang'ana ku njanji. M'kati munali gome, lamya, wochi, buku lalikuru lolembamo sitima zonse zopita, ndi kazenera kogulitsira matikiti. Panja panali sikelo yoyezera katundu, nyumba yosungiramo matumba, ndi nyumba za anchito zondandalikana. Usana anali kulankhula ndi sitima ndi mbendera, yofiira ndi yobiriwira. Usiku ndi nyali ya palafini. Kuseri kwa zonsezi kunali thengo, udzu wautali ndi milambe. Munthu wotsika sitima usiku, sitimayo ikapita ndi moto wace, anali kutsala mumdima woti bii, akumva ankhululu okha.

Sitesheni inabweretsa cinthu cina cosaoneka ndi maso, ndico nthawi ya wochi. Kumudzi munthu anali kupangana ndi mnzace kuti adzakomana dzuwa likapendeka, ndipo wofika msanga anali kudikira wosadandaula. Pa sitesheni anaphunzira kuti kuli ola ndi mphindi, ndi kuti sitima sidziwa mfumu kapena nyakwawa. Cilungamo cace cinali ca mbali imodzi: munthu wocedwa ndi mphindi zisanu anali kuona utsi wokha ulikuthera kutali, koma sitima yocedwa ndi maola asanu sinapepese kwa munthu aliyense. Cifukwa cace a m'midzi yakutali anazolowera kufika dzulo lace, nagona pa khonde, mutu atatsamira pa mtolo.

Tsiku la sitima linali monga tsiku la msika. Akazi anali kudza ndi malicero a nthoci, mbatata zophika, cinangwa, mtedza wokazinga ndi nzimbe. Sitima isanaoneke inali kumveka, poyamba m'zitsulo za pansi, kenaka kulira kwace. Ikaima, malonda onse anali kucitika pa mazenera, manja alikukwera ndi cakudya, ena alikutsika ndi makobiri, ndipo wogulitsa wanzeru anali kulandira kobiri asanapereke nthoci. Ana anali kuthamangira ku injini kukaona moto, koma ikatulutsa nthunzi ndi mkokomo anali kubalalika monga anapiye aona kabawi.

M'mabogi anthu sanakhale mosakanizika. Azungu anali ndi mabogi ao a mipando yofewa. Anthu akuda ambiri anali kukwera m'mabogi a mtengo wotsika, a mabenchi a matabwa, mothinana pamodzi ndi mitolo, nkhuku ndi mphasa. Pa nchito panalinso makwerero otero. Akuru a kampani anali Azungu. Oyang'anira masitesheni ambiri ndi amisiri anali Amwenye. Eni dziko anali kunyamula katundu, kusonkha moto, kulima udzu m'mbali mwa njanji ndi kukonza miyala yace, pa malipiro ocepa. M'caka ca 1960 anchito akuda a pa njanji ananyanyala nchito cifukwa ca malipiro amenewo, ndipo dziko lonse linaona kuti sitima siyenda popanda iwo.

Mwa katundu yense amene anapita pa sitesheni imeneyi, wa mtengo wapatali anali amuna. Msonkho unali kufuna ndalama, ndipo ndalama zinali kutali, ku minda ya fodya ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia, ndi ku Joni. Ambiri anapita pansi, ena pa malole, koma amene anali ndi ya tikiti anakwera sitima yonka kumwera, naoloka Zambezi pa mlatho, nasintha sitima pa Dondo kufupi ndi Beira, kuti akafike ku Umtali ndi ku Salisbury, kumene lero kuchedwa Mutare ndi Harare. Anali kucoka ndi kabudula ndi bulangeti. Obwera anali kutsika ndi bokosi la citsulo, cipewa, nsaru za akazi ao, kapena njinga yonyezimira. Wamwai anabwera ndi makina osokera, nakhala telala pa khonde la sitolo.

Koma si onse anabwera. Amene anakhalitsa osatumiza ngakhale kalata anachedwa machona. Cifukwa ca iwo, pa khamu la pa sitesheni sipanasowe mkazi amene sanadzere malonda kapena ulendo. Iye anali kuima pambali ndi mwana kumbuyo, kuyang'ana nkhope za otsika. Akaona munthu wa bokosi la citsulo anali kusendera, nagwada pang'ono, nafunsa motsitsa mau kuti, "Pepani bambo, kumene mwacokerako simunawaoneko atate a mwanayu? Kwao ndi kuseri kwa Rivirivi." Ndipo wa bokosi uja, ngakhale adziwa kuti munthuyo anakwatira kwina, kawirikawiri anali kuyankha kuti, "Iai mai, dziko lija ndi lalikuru." Nkhani zotere sizinalembedwe m'buku la pa gome lija, limene linali kuwerenga mabogi ndi matumba okha.

Pozungulira sitesheni mudzi unayamba kumera. Amwenye anamanga masitolo a makonde aatali, m'mene munali mcere, sopo, palafini, makasu ndi nsaru, zonse zobwera pa sitima. Thonje likonda dziko lotentha, ndipo alimi a m'cigwa anali kulilima; tsono pa Balaka panamangidwa makina ocotsa njere zace ndi kulimanga m'mabelo, kuti likwere sitima. Nsomba zouma za ku Mangochi ndi ku Malombe zinali kufika pa malole ndi pa njinga. Ngakhale sitima ya pamadzi inapitapo pa njanji imeneyi: Ilala inapangidwa ku Scotland, nibwera zidutswa-zidutswa kupyolera ku Beira kunka ku Chipoka, ndipo ataimanga ku Monkey Bay inayamba kuyenda pa nyanja mu 1951.

Anthu anazindikira kuti moyo wao wamangika ku zitsulozo pamene zinaduka. Mu 1948 madzi anagumula mlatho wa pa Chiromo. Caka cotsatira, 1949, mvula inakana, ndipo kunagwa njala yaikuru imene okalamba aikumbukirabe. Cimanga cothandiza anthu cinayenera kucokera kunja, koma pa Chiromo mabogi anali kuoloka Shire pa combo, pang'ono pang'ono, kufikira mlatho watsopano unatha mu 1950.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, dzina la pa mabogi linasintha kukhala Malawi Railways, ndipo m'kupita kwa zaka ana a eni dziko anakhala pa gome la woyang'anira sitesheni ndi pa mpando wa woyendetsa. M'zaka zomwezo injini za dizilo zinayamba kulowa m'malo mwa za moto. Injini ya dizilo simwa madzi panjira ndipo sifuna wosonkha moto. Motero mathanki a madzi anatha nchito, milu ya malasha inacoka, phulusa ndi mwaye zinaleka kudetsa zobvala za apaulendo. Okalamba ena anadandaula kuti sitima yatsopano ilibe mau okoma. Koma munthu amene anagwirapo fosholo pa ng'anjo sanadandaule nao.

Mu 1970 kunatsegulidwa njanji ina, yoyambira pa Nkaya, kumwera pang'ono kwa Balaka. Iyo ioloka Shire pa Liwonde, nipita pakati pa nyanja za Chilwa ndi Chiuta, nituruka m'dziko pa Nayuchi kunka ku dooko lakuya la Nacala. Kumpoto njanji inatalikitsidwa kucokera ku Salima kufika ku Lilongwe mu 1979, ndi ku Mchinji mu 1980, ndi cithandizo ca dziko la Canada. Zaka zimenezo Balaka anakhala pakati peni peni pa njanji za dziko: kumwera Limbe ndi Beira, kum'mawa Nacala, kumpoto likulu latsopano. Feteleza, mafuta a galimoto, fodya ndi cimanga zinali kupita pakhomo pace usana ndi usiku.

Nthawi yokomayo inali yaifupi. M'zaka za m'ma 1970 Boma linalamula Amwenye kuti acoke m'malo a malonda a kumidzi ndi kukakhala m'mizinda yaikuru, ndipo masitolo ambiri a makonde aja anasintha eni ace kapena anatsekedwa. Kenaka nkhondo ya m'Mozambique inafika pa njanji. Pofika 1984 njira zonse ziwiri, ya ku Beira ndi ya ku Nacala, zinali zitatsekeka, ndipo mu 1986 mlatho wa pa Zambezi, umene msonkho wa agogo unathandiza kulipira, unaphulitsidwa. Katundu wa Malawi anayamba kuyenda pa malole, ulendo wautali ndi wodula wonka ku Durban ndi ku Dar es Salaam. Nkhondo inatha mu 1992, koma amalonda amene anazolowera lole sanabwerere onse ku sitima. Lole ifika pakhomo pa sitolo. Sitima ifuna kuti katundu aitsate. Apaulendo naonso anaona kuti basi inyamuka tsiku liri lonse, ndipo ifika msanga.

Pamenepo Balaka anatembenuka. Kale nyumba zinali kuyang'ana ku njanji. Tsopano zinayang'ana ku mseu wa phula wocokera ku Liwonde kunka ku Chingeni. Msika, malo okwerera basi, nyumba zogona alendo ndi anyamata a njinga za kabaza, zonse zinatsata mseu. Mudzi sunaleke kukula. Mu 1977 munali anthu oposa 5,000. Mu 1998 Balaka anapatulidwa ku Machinga nakhala boma pa yekha. Ndipo pa kalembera wa 2018 m'tauni munapezeka anthu oposa 36,000. Thengo lija la kuseri kwa sitesheni linasanduka nyumba. Dzina la Balaka linamveka m'dziko lonse cifukwa ca oimba ace, monga Alleluya Band ndi abale awiri Paul ndi Lucius Banda, ndipo ambiri amene anabvina nyimbo zao sanadziwe kuti mudziwo unaleredwa ndi njanji. Mwana anakula kuposa mai wace, ndipo maiyo anatsala kuseri kwa nyumba, udzu ulikumera pakati pa zitsulo.

Mu 1999 Boma linabwereketsa njanji kwa kampani yochedwa Central East African Railways. Pasanapite zaka zambiri, mu 2003, madzi anakokolola mlatho wa pa Rivirivi, ndipo sitima sizinathe kupita ku Salima ndi ku Lilongwe kufikira unakonzedwa mu 2005. Zaka ziwirizo njanji ya kumpoto inali kuthera pafupi ndi Balaka, monga njira yofera m'munda.

Kusintha kwakukuru kwa masiku ano kunadza ndi malasha, omwe aja anali cakudya ca injini zakale. Kampani ya ku Brazil yochedwa Vale inatsegula mgodi ku Moatize, ndipo njira yaifupi yocokera kumeneko kunka ku Nacala ipyola m'Malawi. Tsono anamanga njanji yatsopano yolowera m'boma la Chikwawa, kupyola Mwanza ndi Neno kufika pa Nkaya, nakonzanso yonka ku Nayuchi, naika mitanda ya simenti pansi pace. Njira yonseyo inatsegulidwa mwa mwambo mu 2017. Sitima za malasha zikoka mabogi oposa 100, ndipo munthu woima pa mphambano atha kutopa ndi kuwerenga. Koma sitima zimenezi sizifika pa sitesheni ya Balaka. Zipita pa Nkaya, kucokera kumadzulo kunka kum'mawa, ndipo zilibe mazenera. Mai wa licero la nthoci alibe wompatsa kobiri pamenepo.

Ngakhale ziri tero, alipo anthu amene sitima ikali mwendo wao. Munthu wa m'tauni aseka sitima ya anthu, imene m'zaka za kampani yakhala ikuyenda masiku owerengeka pa sabata, pakati pa Limbe, Balaka ndi Nayuchi. Ati ndi yocedwa, iima pali ponse. Koma kuima pali ponse ndiko nchito yace. M'mbali mwa njanji, makamaka ca ku Shire North ndi ca ku Nayuchi, muli midzi imene miseu yace isanduka matope m'dzinja, ndipo galimoto safikako. Kumeneko mlimi wa matumba asanu a mpunga, mai wa dengu la matemba a ku Chilwa, ndi wodwala wofuna cipatala cacikuru, onse awerenga masiku kudikira sitima. Mtengo wace ndi wocepa kuposa wa galimoto, ndipo siikana mtolo. Sitima imeneyi sipindulitsa eni njanji monga icitira ya malasha, ndipo mvula ikaononga njira, anthu a m'midzi imeneyo ndiwo ayamba kumva kuwawa.

Mdani wina wa sitima ali pafupi. Pa njanji yakale mitanda yambiri ya pansi ndi ya citsulo, pakuti ya mtengo ikadadyedwa ndi ciswe. Alipo anthu amene apita usiku kukazula mitandayo, ndi timisomali togwira njanji, nakagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha kapena kwa osula makasu. Wakubayo alandira ndalama ya tsiku limodzi. Pa malo pamene wazulapo njanji itsala yolendewera, ndipo woyendetsa sangaone cilemaco ali patali, makamaka usiku. Sitima yolemera siima msanga monga njinga. Ifuna mtunda wautali. M'bogi la kumbuyo kwa injiniyo mukhoza kukhala mlongo wace wa wakuba yemweyo, alikupita ku Balaka ndi mwana wodwala.